Ngati ambuya amawerenga kadi ya kusikelo, tchati chanu achilephera bwanji?

Tchati chimene chimawerengedwa ndi anthu ambiri m'boma la Chadiza sichili kubanki, sichili kukhonsolo, ndipo sichili pa laputopu ya munthu wa digiri. Chili m'chikwama cha mayi aliyense amene ali ndi mwana wosakwana zaka 5. Ndikukamba za kadi ya kusikelo. M'munsi mwake mwandandalikidwa miyezi ya mwana, chakumbali kuli makilo, ndipo mwezi uliwonse anesi amaika kadontho n'kukalumikiza ndi ka mwezi watha. Mayi wa kwa Mwangala kapena kwa Zingalume amene sukulu analekezera giredi 4 safuna womasulira. Mzere ukakwera, amadziwa kuti mwana akukula. Ukagona miyezi iwiri osakwera, nkhawa imayamba. Ukatsika, ngakhale ambuya ake a mwanayo amafunsa kuti kodi mwanayu mukumudyetsa chiyani.

Kadi imeneyi ili ndi mwini wake amene anaiganizira. Dokotala wa ana wa ku Britain, David Morley, anaikonza pamene ankagwira nchito kumidzi ya ku Nigeria cha m'ma 1960, ndipo ankafuna kuti izikhala m'manja mwa mayi, osati m'kabati ya kuchipatala. Popeza inapangidwira mayi, inayenera kukamba chinthu chimodzi chokha, ndipo mooneka: mwana akukula kapena sakukula.

Tsopano tengani mayi yemweyo mupite naye kumsonkhano wa kopaletivu yake ya fataleza, kapena wa gulu lake losunga ndalama pa tsiku logawana. Mwana wa m'mudzi momwemo amene anaphunzira ku Chipata kapena ku Lusaka waika tchati pakhoma. N'chozungulira, chadulidwa zidutswa 12, mitundu yake ngati chitenge chatsopano, ndipo wachipendeketsa kuti chioneke ngati chikutuluka m'khoma. Mutu wake uli m'Chingerezi. Mayi uja amayang'ana, amagwedeza mutu mwaulemu, amaomba m'manja pamene ena aomba, kenako amapita kunyumba osadziwa ngati ndalama imene anasonkha inafika kumene inayenera kufika. Ife amene tinapita kusukulu timafulumira kukamba kuti anthu akumudzi masamu sawamva. Koma munthu yemweyo amawerenga mzere wa kulemera kwa mwana wake mwezi ndi mwezi. Akalephera tchati chathu, cholakwa chili pa tchaticho.

Ganizo langa ndi ili: tchati cha ndalama chiyenera kuyesedwa ndi maso a mwini ndalamazo. Ngati mwini ndalama sangachiyang'ane kwa kanthawi kochepa n'kukamba ndi pakamwa pake zimene chikutanthauza, tchaticho chalephera nchito, ngakhale chikongole motani. Ndipo zimene zimachititsa kuti ambuya achimve ndi zomwezo zimene zimachititsa kuti bwana wa kubanki achikhulupirire.

Nkhaniyi yakula kaamba ka CDF. Mpaka 2021 konsitichuwensi iliyonse inkalandira K1.6 miliyoni pachaka. Mu 2022 ndalamayi inalumpha kufika pa K25.7 miliyoni, mu 2023 inali K28.3 miliyoni, mu 2024 K30.6 miliyoni, ndipo mu 2025 K36.1 miliyoni. Gawo lalikulu limapita kuzitukuko monga makalasi, zipatala zing'onozing'ono ndi mijigo, lina kumabasale a ana asukulu ndi maphunziro a luso la manja, lina ndi thandizo komanso nkhongole kwa magulu a amayi ndi achinyamata. Gulu lililonse lofuna ndalamazi liyenera kufotokoza bizinesi yake papepala, pepalalo n'kudutsa kukomiti ya wodi lisanafike kukomiti ya konsitichuwensi. Nanga amalemba mapepalawa ndani? Ndife. Amalume ali kwa Mlolo amaimba foni kuti, "Mphwanga, iwe udziwa kompyuta, tikonzereko." Timakonza usiku umodzi, n'kutumiza pa WhatsApp. Tchati chimene taikamo ndicho chimene komiti idzayang'ane poyamba, chifukwa munthu amene ali ndi mulu wa mapepala patebulo sayamba ndi ndime zitalizitali.

Tiyambe ndi bodza limene limachitika kawirikawiri, lomwe nthawi zambiri wolinama sadziwa n'komwe kuti akunama. Mu 2024 FRA inkagula thumba la chimanga la makilo 50 pa K330. Mu 2025 inalengeza K340. Kusiyana kwake ndi K10, pafupifupi 3 peresenti. Jambulani mizati iwiri, koma m'malo moyambira pa ziro muyambire pa K320. Mzati wa 2024 utalika masitepe 10, wa 2025 masitepe 20. Diso likuona kuti mtengo wawirikiza kawiri. Palibe nambala yabodza imene yalembedwa, koma mlimi amene wayang'ana tchaticho wapusitsidwa. Choopsa n'chakuti Excel imadula yokha pansi pa tchati manambala akakhala oyandikana, ndiye munthu amangodina n'kusindikiza. Mzati umakamba ndi kutalika kwake. Kudula pansi pake kuli ngati kuimika mwana pampando, mkulu wake pansi, n'kumati onani msinkhu wafanana. Choncho mizati iziyambira pa ziro nthawi zonse. Mzere wosonyeza kusintha kwa mitengo mwezi ndi mwezi ungathe kuyambira pena, chifukwa umakamba ndi kukwera ndi kutsika, komabe lembani moonekera pamene mwayambira.

Bodza lachiwiri ndi la kusankha chaka choyambira. Tonse tikukumbukira chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko lonse pa 29 February chaka chimenecho. Chimanga chimene dziko linakolola chinatsika kuchoka pa matani pafupifupi 3.3 miliyoni mu 2023 kufika pa 1.5 miliyoni mu 2024, kenako mu 2025 chinabwereranso kupitirira 3.6 miliyoni. Kopaletivu iliyonse imene ingajambule zokolola zake kuyambira 2024 idzaoneka ngati yachita zozizwitsa, mzere uli njo kuloza kumwamba. Koma imeneyo ndi mvula chabe. Yambirani 2022 kapena 2023, dzenje la chilala lioneke, ndipo pa dzenjepo lembani mawu amodzi: chilala. Munthu wa kubanki amadziwa kale zimene zinachitika chaka chimenecho. Akaona kuti mwazibisa, amayamba kufunsa kuti mwabisanso chiyani.

Ngakhale manambala a CDF amene ndatchula aja ali ndi msampha wawo. Muwajambule ngati mizati, mudzaona masitepe okwera bwino kuchoka pa K25.7 miliyoni kufika pa K36.1 miliyoni, kukwera kwa 40 peresenti. Koma ZamStats inalengeza kuti mitengo ya zinthu inakwera ndi 9.9 peresenti m'chaka chothera December 2022, ndi 13.1 peresenti chothera December 2023, ndi 16.7 peresenti chothera December 2024. Mukaziphatikiza, zinthu zinakwera pafupifupi 45 peresenti pa zaka zitatuzo. Ndiye kuti ndalama ya 2025 inkagula zinthu zofanana ndi za mu 2022, mwinanso kucheperako pang'ono. Izi sizikuchotsa kulumpha kwakukulu kwa 2022, kumene kunawirikiza ndalamayi ka 16. Zikungosonyeza kuti kwacha ya chaka chino si kwacha ya zaka zitatu zapitazo. Bizinesi yanu nayo n'chimodzimodzi. Ngati kantemba kanu kankagulitsa zinthu za K10,000 pamwezi mu 2022 ndipo lero kakugulitsa za K13,000, mzati wakwera koma inu mwatsika. Njira yosavuta yoonetsera zimenezi kwa anthu akumudzi ndi kuleka kuwerenga makwacha n'kuwerenga zinthu: phindu la chaka chino lingagule matumba angati a fataleza, la chaka chatha linkagula angati. Mlimi aliyense amamva muyeso umenewo msanga.

Za makwacha zili ndi mbali inanso imene anthu a ku Lusaka saiganizira. Chadiza ili pamalire. Kum'mwera kuli Mozambique, ndipo Malawi sali patali ukadzera ku Vubwi, dera limene linali mbali ya Chadiza lisanakhale boma palokha mu 2012. Wamalonda wa kuno angagule katundu ndi meticais, n'kugulitsa wina kwa munthu wa ku Malawi amene ndalama yakenso imatchedwa kwacha ndipo imalembedwa ndi K. Tchati chongolembedwa "K50,000" osatchula kuti ndi kwacha ya dziko liti chingasocheretse munthu koopsa. Lembani ZMW kapena MWK. Ndipo ngati mukukumba mabuku akale a kopaletivu, kumbukirani kuti pa 1 January 2013 kwacha yathu inachotsedwa maziro atatu. Thumba la chimanga limene FRA inkagula K65,000 mu 2012 ndi lomwelo la K65 mu 2013. Mukasakaniza manambala awiriwa pa mzere umodzi, tchati chidzasonyeza kugwa kumene sikunachitike. Miyeso nayonso isasakanizidwe. Wina walemba matumba, wina matini, wina mameda. Sankhani umodzi, makamaka makilo, ndipo muulembe pa tchatipo.

Tibwere ku tchati chozungulira chija chimene timachikonda maningi. Munthu amene anayambitsa matchati a zachuma amene timagwiritsa nchito lero anali William Playfair wa ku Scotland. Mizati ndi mizere anaitulutsa mu 1786, chozungulira chodulidwa zidutswa mu 1801. Mu 1984 akatswiri awiri a ku America, William Cleveland ndi Robert McGill, anayesa anthu kuti aone chimene diso limayeza bwino, ndipo anapeza kuti timayerekeza bwino kutalika kwa zinthu zoima pa mzere umodzi kusiyana ndi kukula kwa ngodya. Aliyense amene anagawanapo chikondamoyo ndi abale ake akudziwa zimenezi: zidutswa ziwiri zikayandikana kukula, mkangano sutha. Koma imikani mizimbe iwiri pansi, palibe amene angatsutse kuti wautali ndi uti. Tsono ngati mukufuna kusonyeza kumene ndalama za gulu zinapita, kaya ndi fataleza, mbewu, thiransipoti, matumba kapena aganyu, jambulani mizati yogona, dzina kumanzere, ndalama kumapeto kwa mzati, ndipo muyambe ndi waukulu kutsika mpaka waung'ono. Chozungulira chisungireni nthawi imene zigawo zili ziwiri kapena zitatu, monga ndalama zimene zabwezedwa ndi zimene zikadali kunja. Chopendeketsa chija chisiyeni ndithu. Chimakulitsa chidutswa chimene chili kutsogolo n'kuchepetsa cha kumbuyo, ndipo msungichuma wochenjera angakankhire kumbuyoko ndalama za "zina ndi zina". Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Koma tchati chimene ndikuona kuti n'chofunika kuposa onse kwa munthu wa ku Chadiza ndi chimene sitichijambula kawirikawiri, cha kulowa ndi kutuluka kwa ndalama mwezi ndi mwezi. Chuma cha kuno chimayenda ndi nyengo. Ndalama zimatuluka mu October, November ndi December pogula mbewu ndi fataleza. January ndi February ndi miyezi ya njala, pamene ngakhale wa kantemba amagulitsa pa nkhongole. Ndalama zimabwera kuyambira May anthu akayamba kugulitsa soya, nshawa, mpendadzuwa, thonje ndi chimanga. Bizinesi iliyonse ya kuno, kaya ndi chigayo, saluni kapena shopu ya zipangizo za ulimi, imapuma ndi mpweya umenewu.

Tiyerekeze gulu la achinyamata 10 limene likupempha nkhongole kuti ligule makina oyengera mafuta a mpendadzuwa. Pa pepala lawo alemba kuti pachaka adzagulitsa mafuta a K120,000, ndipo ajambula mizati 12 yofanana, K10,000 mwezi uliwonse. Zikuoneka zaukhondo. Koma mpendadzuwa umapezeka wotchipa pa nthawi yokolola, ndiye ayenera kugula wambiri pa miyezi iwiri kapena itatu, ndalama n'kutuluka yonse nthawi imodzi. Ukatha umene anasunga, makina amaima. Tchati choona chikanasonyeza dzenje lalikulu pa miyezi yogula, phiri pambuyo pake, kenako chigwa mvula ikayamba. Kenako pamwamba pake mujambule mzere woongoka wa ndalama zobweza nkhongole mwezi uliwonse. Paliponse pamene mzerewo uli pamwamba pa mizati, pamenepo ndi pamene gulu lidzalephere kubweza. Kuona zimenezi musanatenge nkhongole kumakupatsani mpata wopempha kuti mabwezedwe agwirizane ndi nyengo, kapena wosunga ndalama za miyezi ya phiri kuti zikwirire chigwa. Kuziona mutatenga kale ndi pamene anthu amayamba kuzimitsa mafoni, ubale n'kutha m'mudzi, ndipo gulu lotsatira limene likanalandira ndalama yobwezedwayo limangodikira.

Ena amaopa kuti kuonetsa dzenje kudzachititsa kuti komiti iwakane. Ine ndikuona kuti n'zosiyana. Anthu okhala m'komitimo ndi a konkuno, amadziwa kuti mu February ndalama kulibe. Mizati 12 yofanana imawauza kuti wolemba sanachitepo bizinesiyo, kapena wakopera pa intaneti pulani ya dziko lina.

Pa nkhani yomweyi, zogulitsa si phindu. Matchati ambiri a achinyamata amaonetsa ndalama zolowa zokha, chifukwa ndizo zimakwera mokongola. Ikani zolowa ndi zotuluka pamodzi kuti mpata wa pakati uoneke. Mpata umenewo ndiye bizinesi.

Mutu wa tchati nawonso timauwononga. Timalemba kuti "Sales 2025" kapena "Expenditure", ngati chikwangwani cha pa chitseko. Mutu uzikamba zimene mwapeza, m'chiganizo chathunthu: "Theka la ndalama zathu linapita ku fataleza", kapena "Mamembala 7 mwa 25 sanamalize kubweza". Munthu akawerenga mutu wotere, maso ake amapita pa tchati kukatsimikiza ngati n'zoona, ndipo kumeneko ndiko kuwerenga kumene tikufuna. Ubwino wina ndi wakuti mutu wotere umakugwirani inu wolemba. Mukalephera kulemba chiganizo chimodzi, ndiye kuti simunadziwe chimene mukufuna kukamba, kapena mwaunjika nkhani ziwiri pa tchati chimodzi. Mapanga awiri avumbwitsa. Matchati aja okhala ndi muyeso wina kumanzere, wina kumanja, mizati ndi mizere zitapiringizana, agaweni akhale awiri. Florence Nightingale, nesi wa ku Britain, anajambula tchati mu 1858 chosonyeza kuti asilikali ambiri pa nkhondo ya ku Crimea anafa ndi matenda opeweka kuposa mabala a kunkhondo. Anali ndi manambala ambirimbiri, koma chimene anthu anachigwira ndi mfundo imodzi imeneyo, chifukwa ndi imene inaoneka ndi maso.

Za mitundu sindichulukitsa. Tchati chanu chikathera pa makina a fotokope a paboma, chakuda ndi choyera, ndiye buluu, wofiira ndi wobiriwira zonse zidzasanduka phulusa lofanana, kabokosi kofotokoza mitundu kaja n'kukhala kopanda nchito. Lembani dzina pa mzati kapena pa mzere penipenipo. Mizati yonse ikhale yotuwa, umodzi wokha umene mukufuna kuti anthu auone ndiwo ukhale wakuda bii. Pali amuna ena amene maso awo sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira, ndipo sadzakuuzani pagulu. Komanso m'Zambia muno chofiira ndi chobiriwira ndi mitundu ya zipani. Mukajambula phindu ndi chobiriwira, kuluza ndi chofiira, monga mmene mabuku amaphunzitsira, pa msonkhano wa wodi wina adzaonapo ndale pamene inu mumakamba za nkhuku.

Ganiziraninso kumene tchaticho chidzaonekere. Ife timakonza pa sikirini yaikulu, koma amalume adzachitsegula pa foni yaing'ono yosweka galasi, ali padzuwa. Musanatumize, dzitumizireni nokha pa WhatsApp muone ngati manambala akuwerengeka osakulitsa ndi zala. Ngati n'cha pamsonkhano, imani kumbuyo kwa chipinda. Ndipo musadalire projekita. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri patsiku ngakhale ku Lusaka, ndipo misonkhano yambiri ya kumudzi imachitikira pansi pa mtengo kapena m'kalasi lopanda soketi. Tchati chabwino chiyenera kutheka kuchijambula ndi maka pa pepala lalikulu la manila, ndi rula. Ngati simungathe kuchijambula ndi dzanja m'mphindi 10, chachuluka zinthu. Ndimaona kuti tchati chojambulidwa pamaso pa anthu, mzati umodzi umodzi, msungichuma akutchula nambala, chimakhulupiririka kuposa chosindikizidwa, chifukwa aliyense waona pamene chachokera.

Nanga chilankhulo? Pepala lopita kubanki kapena kukhonsolo lilembedwe m'Chingerezi, palibe vuto. Koma lopita kwa mamembala likhale m'Chinyanja. Zolowa, zotuluka, phindu, nkhongole, chiwongoladzanja, zotsala m'bokosi: mawu onsewa tili nawo. Kusintha mawu 6 pa tchati sikutenga mphindi 5. Chimene chimatiletsa ndi mantha akuti tikalemba m'Chinyanja sitioneka ophunzira. Ndipo tikambe zoona, nthawi zina timakonda kuti anthu asamve, chifukwa munthu amene sanamve safunsa mafunso. M'magulu osunga ndalama, bokosi limakhala ndi maloko atatu ndipo makiyi amasungidwa ndi anthu atatu osiyana, ndalama n'kumawerengedwa mokweza pamaso pa onse. Anthu amenewa anakonza kale njira yoti wina asabise kanthu. Ife tikabwera ndi tchati chimene munthu mmodzi yekha ndiye akuchimva, tabweretsa bokosi la kiyi mmodzi.

Wina anganene kuti zonsezi n'zabwino, koma mabwana amakopeka ndi zokongola, ndipo pepala lopanda mitundu limaoneka ngati la munthu waulesi. Pali kachoonadi pamenepa: pepala lauve, la zilembo zosiyanasiyana ndi manambala osalongosoka, limatayitsa ulemu. Koma ukhondo ndi zokongoletsa n'zosiyana. Tsegulani lipoti lililonse la Bank of Zambia lokamba za kukwera kwa mitengo, mudzapeza mizere ndi mizati wamba, zaka zili m'munsi, muyeso uli pambali, ndi kumene manambala achokera. Anthu amene amasunga chuma cha dziko sajambula zithunzi za matumba a ndalama akumwetulira. Kuoneka waukatswiri kumachokera pa tinthu tosasangalatsa: mtundu umodzi wa zilembo, manambala ofupikitsidwa bwino, K48,200 m'malo mwa K48,213.57, deti, ndi kamzere kamodzi pansi konena kuti manambalawa achokera m'buku la msungichuma kuyambira mwezi wakuti mpaka wakuti.

Winanso anganene kuti tebulo la manambala n'lokwanira, tchati n'chachiyani. Nthawi zina akunena zoona. Ngati muli ndi manambala atatu okha, alembeni akuluakulu basi. Pa tsiku logawana, membala aliyense amafuna kuona nambala yake yeniyeni mpaka ngwee, ndipo pamenepo tebulo ndilo mfumu. Tchati chimagwira nchito pamene funso lili lakuti chachikulu n'chiti, kapena zinthu zikulowera kuti. Ndipo tchati si lisiti. Mzati wolembedwa "thiransipoti K9,000" sutsimikiza kuti galimoto inayendadi. Chimene umachita ndi kuonetsa mayi uja kuti thiransipoti yadya kuposa mbewu, iye n'kuimika dzanja kuti, "A tcheya, tioneko malisiti a galimotoyo."

Funso lotere ndi limene ndikufuna kuti lizimvekanso pa ndalama za boma. Mu December 2023 dziko lathu linakhazikitsa lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga kumaofesi a boma. Koma kupatsidwa mapepala 40 a manambala ang'onoang'ono m'Chingerezi sikufanana ndi kuuzidwa. Palibe chimene chingaletse komiti ya wodi iliyonse m'Chadiza kupachika pepala limodzi pasukulu, pachipatala ndi pamsika, miyezi itatu iliyonse. Pa pepalapo pakhale mayina a zitukuko za m'wodimo, chilichonse ndi mizati iwiri yogona: ndalama imene inavomerezedwa, ndi imene yalipidwa kale kwa kontirakita. Munthu wodutsa angaone kuti mzati wa zolipidwa watsala pang'ono kufika kumapeto, n'kutembenuka kuyang'ana kalasi lenilenilo ngati lili ndi denga. Pepala lachiwiri likhale la nkhongole za magulu: zimene zinaperekedwa m'wodimo, ndi zimene zabwezedwa. Manambalawa makomiti ali nawo kale. Chosowa ndi munthu woti awasandutse mizati, ndipo m'wodi iliyonse muli achinyamata amene anamaliza giredi 12, ena mwa iwo ophunzitsidwa kompyuta ndi basale ya CDF yomweyo, amene angachite zimenezi ndi rula, maka awiri ndi pepala la manila.